Chithunzi cha Khumi ndi Chiwiri

Ana anga, pa ukwati wa mdzukulu wanga chaka chathachi munandiona nditakhala pakona nkhope ili gwa, ndipo mmodzi wa inu anauza anthu kuti mdala wakalamba, phokoso likumusowetsa mtendere. Silinali phokoso ayi. Chinandikwana ndi mafoni anu. Gulu lonse linatukula manja m'mwamba kujambula keke imodzi yomweyo, pamene kumbuyo kwanu azakhali a mkwatibwi ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka. Ine maukwati ndawajambula moyo wanga wonse. Anandidyetsa, anakuphunzitsani sukulu, ndipo umodzi mwa iwo unandichotsetsa ntchito. M'mutu uno ndikufuna mudziwe chimene chinatisamutsa ku Kabwata chaka chija, chifukwa amanu nkhaniyi amaifotokoza mokondera.

Patapita zaka ziwiri chilandirire ufulu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza m'situdiyo ina pakati pa tauni. Mwini wake anali mmwenye wobadwira ku Chipata, amene Chinyanja ankachiyankhula kuposa ana a mu Lusaka muno. Dzina lake ndilisunga. Ife tinkawatcha a Musasunthe, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka m'kamwa mwawo kuyambira m'mawa mpaka kutseka, ngakhale wojambulidwayo akhale khanda la miyezi iwiri. Zaka ziwiri zoyamba kamera sindinaikhudze. Ndinkasesa, ndinkatsuka zithunzi m'mabeseni m'chipinda chamdima, n'kumaziyanika pachingwe ndi zopanira ngati matewera. Mankhwala otsukira anandidetsa zala mpaka amanu, pamene ndinkawafunsira, anayamba andikana poganiza kuti ndimasuta chingambwe.

Kamera imene anandipatsa pambuyo pake inali kabokosi ka maso awiri. Sunkaiika kumaso ngati za masiku ano. Unkaigwirira pamimba n'kuweramira pagalasi la pamwamba, ndiye munthu wakutali ankangoona ngati ukupemphera kapena ukupereka ulemu. Akuluakulu ambiri ankandiyamikira kuti ndine mnyamata wamwambo, pamene ine ndinkangofuna kuona ngati mutu wawo walowa wonse. Filimu yake inkatenga zithunzi khumi ndi ziwiri basi. Pambali panali kawindo koonetsa nambala, ndipo nambala imeneyo inkakhala m'mutu mwanga tsiku lonse kuposa dzina la mkwati.

A Musasunthe anali ndi kaphunzitsidwe kokwiyitsa. Maukwati atatu oyamba ananditumiza ndi kamera yopanda filimu, iwo akujambula zenizenizo, kuti Lolemba ndidzawauze khumi ndi ziwiri zimene ndikanasankha. Ndikatchula galimoto, keke ndi maluwa, ankandiyang'ana ngati ndawatukwana. Ankandifunsa kuti analira ndani, anaseka ndani pamene wansembe anasokoneza dzina, bambo wa mkwatibwi anayang'ana kuti pamene mwana wawo ankavala mphete. Ine zonsezo sindinazione. Tsiku lina anandiuza mawu amene ndinayenda nawo mpaka lero: "Tembo, batani aliyense atha kudina. Ine ndikukulipila kuti uzikana." Ndinaphunzira kukana. Ndinakana amalume oledzera, ndinakana operekeza ofuna aliyense chakechake, ndinaphunzira kudikira mphindi yeniyeniyo, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditakwatira amanu, bwanayo anatipezera nyumba ya pantchito ku Kabwata, ya zipinda zitatu, momwe atatu a inu munabadwira.

M'zaka za mizere

Akuluakulu a inu mukukumbukira zaka zija chipani chinali chimodzi ndipo chilichonse chinali cha pamzere. Amanu ankati akaona mzere m'tauni ankayamba aima, n'kufunsa pambuyo kuti akugulitsa chiyani. Sopo, mafuta ophikira, shuga, zonse zinkasowa mosinthana. Filimu ndiye inasoweratu, chifukwa inkachokera kunja ndipo kuti uitanitse pankafunika chilolezo chimene pepala lake linkayenda m'maofesi mpaka kutha ngodya. Tinkadalira madalaivala a malole ochokera kumalire, amene ankabwera ndi timipukutu tiwiri kapena titatu m'thumba la jekete, tina titapsa kale ndi dzuwa. Ukwati umene kale tinkaupatsa mafilimu anayi tsopano unkalandira imodzi.

Koma anthu sanasiye kufuna kujambulidwa, kapena ndinene kukopedwa, monga timanenera kuno. Munthu sanadye nyama mwezi wathunthu, koma akavala suti pa ukwati wa mnzake akufuna dziko lonse lidziwe. Ungomva wina wakugwira mkono, fungo la mowa lili guu, akuti, "Ba kamela, nikopeniko na ine, nanga suti iyi nabwelekela chani?" Ukakana, wayambitsa ndewu pa ukwati wa eni ake. Apa m'pamene a Musasunthe anatulukira nzeru imene sindinyadira nayo. Ndinayamba kuyenda ndi makamera awiri ofanana. Ya lamba wakuda inali ndi filimu. Ya lamba wofiira inalibe kanthu m'kati, koma inali ndi fulashi yowala bwino zedi. Tinkaitcha kamera ya ulemu. Munthu akakakamira, ndinkamuimika bwinobwino, kumukonza kolala, kumuuza kuti asasunthe, kenaka phethi! Iye ankapita mtima uli m'malo. Ambiri mowa ukatha ankaiwala. Amene ankabwera kusitudiyo kudzafunsa tinkawauza mwachisoni kuti chithunzi chawo chinapsa potsuka, ndipo m'zaka zimenezo palibe ankadabwa kuti chinthu chawonongeka. Ndinanamiza theka la Lusaka ndi lamba wofiira uja, ndipo Lamlungu lililonse ndinkapita ku Misa.

Sabata ya ukwati wa Velonika

Lachinayi lina m'nyengo yozizira munalowa m'situdiyo mayi wina wonenepa bwino, chikwama chili m'khwapa, pepala lili m'manja. Anali Mai Mbewe a ku Woodlands. Amuna awo anali mkulu pa kampani ina ya boma, ndipo ankakwatitsa mwana wa mlongo wa a Mbewewo, dzina lake Velonika, amene anamutenga kumudzi ku Katete ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri n'kumulera ngati wawo. Mayiwo sanabwere kudzafunsa. Anabwera ndi mndandanda wa zithunzi khumi ndi ziwiri, wolembedwa kale ndi manambala. Munali mphete, kusaina, operekeza, banja, keke, zimene ndi zoyenera. Koma munalinso komiti ya ukwati, tebulo la mphatso, nyumba yawo ndi galimoto itaima kutsogolo popanda munthu aliyense, ndi iwo eni atavala diresi lachiwiri. Cha khumi ndi chiwiri anachilemba mzere kunsi kawiri: mlendo wolemekezeka, mkulu wina wa chipani amene aliyense ankangomutcha a Komuredi, akugwirana chanza ndi a Mbewe, akwati ali pakati.

Ndinayesa kunena kuti nyumba sithawa, ndikhoza kudzaijambula tsiku lina, tisiyeko malo amodzi a zimene tsikulo lingabweretse. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Ba Tembo, ine nikuzibani," anatero. "Ija ya lamba yofiila ilibe kanthu mukati. Pa ukwati wa ku Chelstone munaniwalitsila katatu, kufikila lelo nikali kulindila mapikicha. Pa Satade nizankala pafupi na imwe." Atatuluka, a Musasunthe anandikokera kuchipinda chamdima n'kundiuza kuti a Mbewe alonjeza kutiyankhulira kwa a Komuredi za chilolezo cha filimu. Chithunzi chomalizacho anafuna kuchikulitsa, kuchiika m'felemu, n'kukachipereka ndi manja awo. Bwana yemwe uja amene anandiphunzitsa kukana tsopano ankandiuza kuti nditsate pepala osaphonya ngakhale kadontho. Sindiwaimba mlandu. Pashelefu panatsala mafilimu owerengeka, ndipo ife antchito tinali ndi ana.

Mawa lake nthawi ya nkhomaliro anabwera mkwatibwi mwini wake. Velonika ankatayipa makalata pa ofesi ina m'tauni, mtsikana wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Anati amayi ake omubereka, a Nambewe, afika ndi basi kuchokera ku Katete, ndipo Lachitatu abwerera kukakolola. Chibadwire sanajambulidwepo kupatula kachithunzi ka pachitupa. "Nili na pempho imozi chabe, ba Tembo," anatero. "Nifuna pikicha ya ine na amai. Olo imozi." Ndinatulutsa pepala la Mai Mbewe n'kumulozera nambala sikisi, chithunzi cha banja. Ndinamuuza kuti asadandaule, amayi akewo ndidzawaimika pambali pake penipeni. Anaoneka ngati akufuna kunena kanthu kena, koma ine ndinali kale ndi kasitomala wina. Ndinamulonjeza mopepuka ngati ndikumulonjeza madzi akumwa.

Loweruka lake

Ukwati unali m'tchalitchi cha Akatolika ku Kabwata. Mai Mbewe anasunga mawu awo. Anandimamatira ngati nkhupakupa, pensulo ili m'manja, ndipo ndikadina ankayamba ayang'ana lamba, kenaka n'kuchonga papepala. Zisanu zoyamba zinayenda bwino. Titatuluka panja ndinatsogolera anthu kuseri kwa tchalitchi komwe dzuwa linali labwino, tikudutsa m'kaudzu kouma, n'kuyamba kuimika banja. A Nambewe ndinawazindikira msanga: mayi wamng'ono thupi, wowuma ndi ntchito ya kumunda, atavala chitenje chatsopano chosachapidwa. Ndinawakodola kuti abwere pakati. Anayenda mapazi atatu, koma atangoona kuti mkwati, mphunzitsi wa ku Libala dzina lake Yosefe, waima pomwepo, anafunda chitenje kumutu n'kubwerera chafutambuyo mpaka kuseri kwa khoma. Yosefe nayenso anagwetsa nkhope pansi.

Apa m'pamene ndinazindikira uchitsiru wanga. Mayi wa kumudzi aime phewa ndi phewa ndi mkamwini wake, anthu akuona? Ine ndemwe, Tembo, amene ndikakumana ndi agogo anu aakazi panjira ndinkapatukira kutchire mpaka adutse, ndinaiwala zimenezi chifukwa cha pepala la manambala. Tauni imaphunzitsa munthu kuiwala zinthu zimene miyendo yake ikudziwa. Ndinatuma azimayi awiri kukawanyengerera, koma anabwerako akuseka, akuti mayiwo anena kuti sanapenge. Wansembe anali ndi ukwati wina wodikira, madalaivala ankaliza mahutala, ndipo ndisanaganize n'komwe Mai Mbewe anali atalowa kale pamalo paja, chikwama chili kutsogolo. "Kopani, ba Tembo, nthawi yatha." Ndinawerama, ndipo m'galasi ndinaona maso a Velonika akundiyang'ana ine, osati kamera. Ndinadina.

Madyerero anali kunyumba ya a Mbewe ku Woodlands, m'matenti pakapinga. Ndinajambula nyumba ija yopanda munthu, mtima ukundiwawa ngati ndikutaya ufa m'ngalande. Ndinajambula komiti, anthu asanu ndi anayi amene anakangana kotala la ola kuti akhale pakati ndani. Ndinajambula mphatso, keke, ndi diresi lachiwiri. Kawindo kanafika pa khumi ndi ziwiri. Koma a Komuredi sanaoneke. Chakudya chinazizira, oimba anabwereza nyimbo zawo zonse kachiwiri, ndipo a Mbewe ankangoyendera kugeti n'kubwerako akuyang'ana wotchi. Mai Mbewe atapita kukakalipira operekera zakumwa, ine ndinapeza mpata wozembera kuseri kwa nyumba kuti ndimweko madzi pampope.

Kuseriko kunali ukwati wina. Azimayi a kumudzi anali atazungulira mabeseni akutsuka mbale, akuseka momasuka kuposa onse a m'matenti. A Nambewe anali pakati pawo, atavula chitenje chatsopano chija n'kuvala chakale chothimbirira. Ndikumwa madzi ndinaona Velonika akutulukira pakhomo la khitchini, atanyamula diresi m'manja kuti lisakhudze matope. Anali atathawa kutebulo la ulemu. Amayi ake sanamukumbatire kapena kulira, monga mmene inu mukuganizira. Anayang'ana m'munsi mwa diresi n'kugwira pakamwa. Kaudzu ka kutchalitchi kaja kanali ndi chisoso, ndipo mpendero wonse unali utadzaza timinga take takuda. Anatenga thumba la ufa lopanda kanthu, n'kuliyala pansi kuti mwana aimepo. Anapukuta manja awo kawiri, n'kugwada, n'kuyamba kuchotsa chisosocho kamodzikamodzi, akusunga timingato m'dzanja lamanzere. Ndinawamva akung'ung'udza kuti, "Ukuyenda bwanji ngati mbuzi, dilesi la eni ake?" Velonika anaseka, misozi ili mbwembwembwe, n'kuika dzanja lake la mphete pampango wa kumutu kwa amayi ake.

Musaganize kuti ndinachita mosadziwa. Nambala ya pakawindo ndinkaidziwa. Ndinaganiza za a Musasunthe ndi felemu yawo, za chilolezo, za nyumba ya ku Kabwata, za inu. Ndinaganizanso kuti ndawerama pamaso pa anthu zaka khumi ndi zingapo, ndipo chinthu chimene anandiphunzitsa kudikira chija ndi ichi chili patsogolo pangachi. Nzeru yokondweretsa onse awiri panalibe. Mapanga awiri avumbwitsa. Chisoso chinkatha. Panatsala kachigawo kotalika ngati chikhatho, ndipo ndinadziwa kuti akangomaliza aimirira, abwerera kumabeseni, Lachitatu akwera basi. Dzuwa linkawomba bwino kuchokera kumbali, fulashi sinkafunika. Ndinaweramitsa mutu n'kudina. Kaphokoso kake kanamira m'kugundana kwa mbale, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa kuti ndajambula.

A Komuredi anafika dzuwa litapendeka, ndi magalimoto atatu ndi achinyamata oimba. Anayankhula nthawi yaitali za kudzidalira, akwati osawatchula n'komwe. Itafika nthawi ya chanza, Mai Mbewe anabwera kudzagwira lamba wa kamera yanga ndi zala zawo kuti atsimikize kuti ndi wakuda. Analidi wakuda, koma filimu inali itatha. Ndinawaimika onse, ndinauza a Mbewe kuti atukule chibwano, ndinati asasunthe, fulashi n'kuwala mpaka anthu anawomba m'manja. A Komuredi anandifunsa kuti, "Wanikopa bwino, komuledi?" Ndinayankha kuti bwino kwambiri, bwana. A Mbewe anandisisita paphewa, nkhope ili mwee ngati mwana, ndipo kunena zoona pamenepo ndinawamvera chisoni.

Lolemba ndi masabata otsatira

Filimu ndinatsuka ndekha m'mawa. A Musasunthe anaitukula kugetsi n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba. Anafika pa chomaliza chija. Anatenga galasi lokulitsira, anayang'ananso, ndipo ndinaona kuti mmisiri wa mwa iwo wakondwa pamene mwini situdiyo akufuna kundimenya. Sanakuwe. Anatenga sizasi, anadula negetivi yomalizayo n'kuiika patebulo. "Tiwauza kuti chinapsa, monga mwa masiku onse," anatero. "Koma ichi chipsedi, Tembo. Akachiona awelenga, ndipo mayi uja kuwelenga amadziwa." Ananditsegulira khomo lopulumukira, ndipo munthu wanzeru akanadutsa pomwepo. Ine ndinadikira kuti apite kukadya, ndinatsuka zithunzi ziwiri, negetivi n'kuiika m'thumba la malaya. Ndinali nditanamiza anthu ambiri kuti zithunzi zawo zapsa. Kuotcha chenicheni kunandikanika.

Lachitatu m'mawa ndinapita kokwerera mabasi a kummawa, komwe Velonika ankaperekeza amayi ake. Ndinayenda monyadira, ndikuyembekeza madalitso. Ndinapereka chithunzi chimodzi kwa Velonika, china kwa amayi ake. A Nambewe anachigwira m'mphepete ndi manja onse awiri, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiyang'ana ine mokwiya. "Kodi abambo inu, mwandijambula ndili m'chitenje chotsukila mbale? Chatsopano chinali m'thumba pomwepo. Osanena bwanji?" Taonani, ana anga. Munthu waika ntchito yako pamoto, malipiro ake n'kukalipidwa pagulu pa siteshoni ya basi. Ndinapepesa, nanga ndikanatani. Koma pamene ankakwera ndinaona kuti chithunzicho achikulunga m'chitenje chatsopano chija n'kuchiika pachifuwa, osati m'katundu.

Ndinamuchenjeza Velonika kuti chakecho achibise m'sutikesi. Anavomera ndi mutu, n'kukachipachika pabalaza ku Libala, moyang'anana ndi khomo. Sipanathe masabata atatu. Mai Mbewe anapita kukaona mmene ana akukhalira, anakhala pampando, anakweza maso, ndipo anawerenga. M'buku la zithunzi munali khumi ndi chimodzi. Tsiku lomwelo anatulukira kusitudiyo, nkhani n'kufika pa mwana wakana phala. Anati ndanyoza amuna awo, ndanyoza mlendo wolemekezeka, ndanyoza chipani, ndipo m'masiku amenewo mawu omalizawo sanali oseweretsa. Anati ndachititsa manyazi banja poonetsa mlamu wawo atagwada pamatope ngati wantchito. Makasitomala anatuluka mmodzimmodzi. Madzulo ake a Musasunthe anandiitana, osandiyang'ana kumaso, n'kundionetsa msana wa njira. Anandipatsa kamera ya lamba wofiira ija kuti ndikayambire moyo. Sindikudziwa mpaka lero ngati kunali kundichitira chifundo kapena kundinena.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti a Komuredi chithunzi chawocho sanachifunsepo. Loweruka limenelo anayendera maukwati atatu, ndipo ndikukayika ngati ankakumbukira kuti ku Woodlands kunakwatiwa ndani. Koma chilolezo sichinabwere, a Mbewe sanatiyankhulirenso, ndipo patapita zaka ziwiri situdiyo inatsekedwa, anzanga awiri n'kukhala pakhomo. Kaya chikanabwera ndikanatsata pepala, sindikudziwa, ndipo funso limeneli limandibaya. Nyumba ya ku Kabwata inali ya pantchito, choncho tinatulukamo mwezi womwewo n'kupita m'zipinda ziwiri ku Kanyama, komwe mvula ikagwa madzi ankalowa mpaka pansi pa bedi. Amanu anandifunsa funso limodzi lokha pamene tinkakweza katundu pangolo: kodi mayi wa ku Katete uja ndi mbale wanga? Ndinati ayi. Anakhala sabata yathunthu osandiyankhula.

Patapita zaka zisanu ndi zitatu

Ndinakhoma kakhumbi ka malata m'mphepete mwa msika wa Soweto mu Lusaka muno, ndinapachika nsalu yoyera, n'kumajambula tizithunzi ta pachitupa ndi ta kusukulu. Loweruka ndinkapezako maukwati a m'makomboni, komwe kunalibe wobwera ndi mndandanda. Tsiku lina masana, pakati pa fumbi ndi mawilibala a tomato, panaima bambo wa imvi, wovala jekete limene linali litamukulira. Ndinachita kuyang'anitsitsa kuti ndizindikire kuti ndi a Mbewe. Anali atapuma ntchito, ndipo anabwera wapansi. Anakhala pabenchi la makasitomala, tinalonjerana, n'kundiuza kuti mlongo wawo a Nambewe anamwalira chaka chapitacho. Ankafuna kuika chikumbutso m'nyuzipepala monga amachitira anthu chaka chikakwana, koma banja lonse linafufuza m'mabuku onse a zithunzi, a ku Woodlands, a ku Kabulonga kwa ana awo, osapeza nkhope yawo paliponse. Cha Velonika chinali chitafwifwa ndi dzuwa la pabalaza, ndipo cha malemuwo sichinapezeke kumudzi. Anandifunsa, maso ali pansi, ngati negetivi ija ikadalipo.

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawasungira zaka zonsezo, ndipo ena ndinkachita kuwayeserera ndikamakolopa madzi ku Kanyama. Sindinanene ngakhale amodzi. Ndinawauza kuti abwere mawa. Atabwera ndinawapatsa chithunzi chonse, n'kuwafotokozera kuti a nyuzipepala amafuna nkhope yokha, ndiye ndidula apa ndi apa, ngakhale kuti nkhopeyo yawerama. Anachigwira nthawi yaitali. Chala chawo sichinapite pankhope. Chinapita padzanja lamanzere lija, lofumbata timinga. Anati pamene ankapita kusukulu ya mishoni, mlongo wawoyo, amene anasiya sukulu kuti iwo aphunzire, ankawaperekeza mpaka kumsewu n'kuwachotsa chisoso pakabudula chimodzimodzi, akuwakalipira. "Manja musadule, ba Tembo," anatero. "Akakana ku nyuzi, basi, nizasunga ine."

Kupepesa sanapepese, ndipo ine sindinawakumbutse. Negetivi ija ili m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadiropu, yokulungidwa m'pepala lofewa, ndipo ndikadzapita musadzaitaye pamodzi ndi malisiti. Amanu mpaka lero akafuna kundiputa amauza alendo kuti bambo awa anasinthanitsa nyumba ya zipinda zitatu ndi chisoso. Ndi zoona, ndipo sindinawatsutsepo. Koma mdzukulu wathu uja atabweretsa zithunzi za ukwati wake, mazanamazana pafoni, amanu anazipitapita zonse mpaka chala kutopa, kenaka anabweza foniyo n'kufunsa kuti nanga azakhali a mkwatibwi aja ankalira kumbuyo ali pati.